Manja ambiri, muyezo umodzi: zofunda za zigamba, zipewa za makanda ndi nsalu zopeta m'gulu la amayi

Gulu la zosokasoka likagwirizana kupanga chinthu chimodzi pamodzi, chimene chimawononga ntchito kawirikawiri si kusadziwa kusoka. Amayi amene amakumana ku Mvano, ku Chigwirizano kapena pakhonde la sukulu madzulo ambiri a iwo anagwira singano ali atsikana. Vuto ndi lakuti aliyense amasoka bwino pa muyezo wakewake. Wina msoko wake ndi waukulu pang'ono, wina amakoka ulusi kwambiri poluka, wina wadula nsalu mopingasa. Aliyense akakhala kwake palibe cholakwika chimene chimaoneka. Tsiku lolumikiza ndi pamene zidutswa zimakana kukumana, ndipo anthu amayamba kuyang'anana.

Choncho musanagule kanthu kalikonse, gwirizanani muyezo, muulembe m'kope, ndipo musankhe munthu mmodzi woti aziyeza chilichonse chobwera kuchokera kumakomo. Ntchito imeneyi imafuna munthu wa maso akuthwa komanso wa pakamwa pofewa, chifukwa adzayenera kuuza amayi akuluakulu kuti amasule msoko.

Chofunda cha zigamba

Zigamba za zitenje zimapezeka kwa matelala, ndipo ambiri amazisunga m'thumba pansi pa makina. Koma si chigamba chilichonse chimene chingalowe m'chofunda. Zitenje zina ndi za thonje, zina ndi za poliyesita, ndipo zosakaniza ziliponso. Kuti mudziwe, dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi chopanira, nkukayatsa panja. Thonje limayaka ngati pepala ndi kusiya phulusa lofewa. Poliyesita imasungunuka, imanunkha pulasitiki, ndipo imasiya kambulu kolimba kakuda. Ziwirizi musaziphatikize m'chofunda chimodzi: thonje limafupika mukachapa koyamba pamene poliyesita imakhala momwemo, ndiye misoko imakwinyika. Komanso simbi yotentha mokwanira kuwongola thonje imawaula poliyesita.

Mukasankha, chapani zonse musanadule. Chitenje chatsopano chimakhala ndi zolimbitsa za kufakitale, ndipo chikachapidwa chimabwerera ndi masentimita angapo. Zofiira, zobiriwira kwambiri ndi zabuluu wakuda muzichape pazokha. Nyowetsani kansalu koyera nkupukuta pa chitenjecho. Kakatenga mtundu, chapaninso mpaka madzi ayere. Chikapitirizabe kusuluka, chichotseni. Chigamba chimodzi chofiira chosuluka chimathimbiritsa zoyera zonse zoyandikana nacho, ndipo zikatero palibe mankhwala.

Zitenje za zipani, za misonkhano ndi zokhala ndi nkhope za anthu zisiyeni pambali ngati chofundacho n'chogulitsa. Wogula safuna kufunda theka la nkhope ya munthu.

Tsopano muyezo. Kwa gulu loyamba kumene, sikweya ndiyo yabwino: dulani masentimita 12 mbali zonse, msoko ukhale sentimita imodzi, ndipo ikasokedwa idzaoneka masentimita 10. Chodulira musachipange ndi katoni. Katoni imadyeka m'mbali pensulo ikamadutsa, ndipo pofika sikweya ya 50 imakhala yachepa. Dulani pulasitiki yosalala ya chigubu cha mafuta ophikira, ndipo zodulira zonse za gulu zijambulidwe kuchokera ku chimodzi, ndi munthu mmodzi, tsiku limodzi. Polemba pa nsalu yakuda gwiritsani ntchito choko cha telala kapena kachidutswa ka sopo kopyapyala. Pa yowala, pensulo yosongoka. Bolopeni ayi, inki yake imafalikira ikanyowa.

Podula, mbali za sikweya zitsatire ulusi wa nsaluyo. Kokani nsalu m'litali mwake, muona kuti sitamuka kwenikweni; ikokeni mopingasa kuchokera pangodya, muona ikutamuka. Sikweya yodulidwa mopingasa imatambasuka pansi pa phazi la makina, ndipo imatuluka yaitali kuposa inzake. Zigamba za kwa telala zimabwera zokhotakhota, choncho pamafunika kuyang'anitsitsa ulusi pa chilichonse.

Nkhani ya msoko ndi yofunika kuimvetsa ndi manambala. Tinene kuti mayi wina wasoka msoko wa masentimita 1.2 m'malo mwa 1. Kusiyana kwake ndi mamilimita awiri okha, ndi maso simungakuone. Koma msoko uliwonse umadya mbali ziwiri, ndiye mamilimita anayi atayika pamenepo. Pa mzere wa masikweya 15 pali misoko 14, ndipo mzerewo ufupika ndi masentimita oposa asanu, theka la sikweya yathunthu. Mzere wotere sungakumane ndi wa mnzake ngakhale mutaukoka motani. Njira yake ndi yophweka: pa makina alionse a gulu, yezani sentimita imodzi kuchokera pa singano kupita kumanja, nkumata tepi pamenepo kuti m'mphepete mwa nsalu muzitsatira. Osoka pamanja alembe mzere wa msoko ndi pensulo kumbuyo kwa nsalu, asadalire maso.

Kugawana ntchito kumayenda bwino ndi mabuloko a masikweya asanu ndi anayi, atatu m'litali atatu m'lifupi. Buloko ikatha iyenera kukhala masentimita 32 mbali zonse, yomwe idzakhale 30 ikalumikizidwa. Woyeza akhale ndi chodulira china cha masentimita 32, ndipo buloko iliyonse iikidwe pamenepo ikangofika. Yosiyana ndi mamilimita atatu kapena kuchepera ikhoza kulowa, mapini adzaiwongola. Yoposa pamenepo imasulidwe. Chofunda cha mwana cha masentimita 90 kwa 120 chimafuna mabuloko 12, ndiwo masikweya 108. Cha bedi la munthu mmodzi, masentimita 150 kwa 210, chimafuna mabuloko 35, masikweya 315. Chitenje chathunthu cha mayadi awiri chimatulutsa masikweya pafupifupi 135, ndiye ngati zigamba zaperewera mukudziwa kale zoti mugule: pamwamba pa chofunda chachikulucho pamalowa nsalu yokwana zitenje zitatu, kuwerengera ndi zotayika.

Zitenje zathu zili ndi mitundu yambiri, ndipo mukangoziphatikiza mwachisawawa diso limasowa popumira. Musasankhe potengera maluwa ake. Gawani milu iwiri, zakuda ndi zowala. Theka la mabuloko likhale ndi zakuda zisanu ndi zowala zinayi, theka linalo zowala zisanu ndi zakuda zinayi, ndipo polumikiza muziwasinthanitsa. Pa chofunda cha mwana chija mufunika zakuda 54 ndi zowala 54. Ngati zowala zikusowa, bafuta kapena nsalu ya mtundu umodzi imathandiza kwambiri, ndipo chitenje chimaoneka bwino chikakhala pafupi ndi nsalu yopanda maluwa.

Sitani msoko uliwonse musanausoke ndi wina. Mzere woyamba misoko igonere kumanja, wachiwiri kumanzere, wachitatu kumanja. Mukatero, polumikiza mizere misokoyo imakodana yokha pamphambano, ngodya zimakumana ndendende, ndipo pamalopo sipakhala chotupa chothyola singano. Simbi muziyiika nkuinyamula, osati kuikhwekhwereza, chifukwa kukhwekhwereza kumatamula nsalu. Ngati ndi ya makala, yalani kansalu pamwamba. Kamoto kamodzi kamaboola buloko imene munthu wasoka masana onse.

Chofunda chili ndi zigawo zitatu: pamwamba, pakati ndi pansi. Pakati mukhoza kuika bulangete lakale lopyapyala lochapidwa bwino, kapena nsalu ya fulanelo. Bulangete lochindikala lisiyeni. Singano sidutsa, ndipo chofundacho chikanyowa chimatenga masiku kuti chiume, makamaka nthawi ya chiperoni. Pakati ndi pansi zikule kuposa pamwamba ndi masentimita asanu mbali iliyonse, chifukwa posoka zigawo zimayenda. Kwa chofunda cha mwana, chitenje chimodzi chimakwana pansi ndipo chimatsala chopendera.

Yalani cha pansi chafufumimba pa tebulo kapena pa simenti yosesedwa bwino, anthu anayi agwire m'ngodya mosakoka, kenako cha pakati, kenako cha pamwamba. Gwirizitsani zitatuzi ndi masitichi akuluakulu ongoyembekezera, kuyambira pakati kupita kunja, mizere italikirane masentimita 10 mpaka 15. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndipo mapeto ake kumbuyo kumatuluka makwinya osokedwa. Mukayambira m'mphepete, nsalu yotsala imaunjikana pakati ndipo ilibe kolowera.

Kusoka kwenikweni kogwira zigawo zonse, pamanja, ndi sitichi yoyenda ya mamilimita atatu kapena anayi. Kufanana kwa masitichi n'kofunika kuposa kuchepa kwake. Ulusi usapitirire masentimita 45, kutalika kwa kuyambira kuchala kufika pachigongono. Wautali umapotana ndi kuduka. Mfundo yoyambira muikokere mkati mwa chigawo chapakati kuti isaoneke. Mizere yodutsa mopingasa m'masikweya, ngodya ndi ngodya, ndi yosavuta kutsatira ndipo imagwira bwino. Pa makina opalasa zimathekanso pa chofunda chaching'ono, ndi singano ya nambala 90 ndi sitichi yotalikirapo, koma phazi la makina limakankha nsalu ya pamwamba kuposa ya pansi, ndiye yendani pang'onopang'ono manja onse atagwira mbali ziwiri za singano. Njira yachangu ndi kumanga mfundo ndi ulusi wopetera pa mphambano iliyonse, masentimita 10 alionse. Imeneyi ndi yabwino pa chofunda cha wamkulu. Cha khanda chisokedwe, chifukwa mfundo zimamasuka ndipo mwana amaika chilichonse m'kamwa.

Pomaliza dulani zotsala m'mbali, nkupenda. Dulani timizere ta nsalu ta masentimita 6 m'lifupi, tilumikizeni, pindani pakati m'litali nkusita. Kuzungulira chofunda cha 90 kwa 120 ndi masentimita 420, onjezerani 25 a m'ngodya ndi polumikizira. Timizere tisanu todulidwa m'lifupi mwa chitenje tikwana. Sokani ndi makina kumaso, pindirani kumbuyo, nkumaliza pamanja. Mpendero wopinda pawiri ndi wofunika chifukwa m'mphepete ndi mmene mumayamba kutha.

Zoluka

Poluka, vuto la muyezo limakula, popeza si lumo limene limapereka kukula koma dzanja la munthu. Amayi awiri a singano zofanana, wulu wofanana ndi masitichi ofanana akhoza kutulutsa zidutswa zosiyana ndi masentimita atatu. Wulu wofala m'masitolo ndi wa akiliriki wolembedwa DK kapena double knitting, wolukidwa ndi singano za mamilimita 4, ndipo pa dzanja lapakatikati masitichi 22 amapereka masentimita 10. Aliyense aluke kachidutswa koyesera ka masitichi 30, ayeze pakati pake. Akapeza masitichi 24 kapena kuposa m'masentimita 10, dzanja lake ndi lolimba, atenge singano za 4.5. Akapeza 20, ndi lolekerera, atenge za 3.5. Kumuuza munthu kuti asinthe kagwiridwe sikuthandiza. Pakangotha mizere khumi dzanja limabwerera mwakale.

Pa bulangete la masikweya pali njira imene imathetsa mkangano wonsewu: kuluka sikweya kuyambira pangodya. Yambani ndi masitichi atatu. Pa mzere uliwonse lukani knit yekhayekha (sitichi wamba yolukidwa ulusi uli kumbuyo kwa singano), ndipo muonjezere sitichi imodzi koyambirira kwa mzere. Kachidutswako kamakula ngati katatu. Muziyeza m'mbali mwake, osati pamene pali singano. Mbaliyo ikafika masentimita 20, yambani kuchepetsa, kuluka masitichi awiri pamodzi koyambirira kwa mzere uliwonse, mpaka atsale atatu, nkutseka. Kaya dzanja ndi lolimba kaya ndi lolekerera, kaya wulu ndi wokhuthala pang'ono, sikweya imatuluka ya masentimita 20 chifukwa wolamula ndi tepi, osati chiwerengero cha masitichi. Ndimaikonda njira imeneyi kuposa ina iliyonse pa gulu lokhala ndi ophunzira kumene, chifukwa sikweya yawo yoyamba imalowa m'bulangete limodzi ndi za akatswiri.

Masikweya 35, asanu m'lifupi asanu ndi awiri m'litali, amapanga bulangete la masentimita 100 kwa 140, lokwanira mwana wa sukulu. Sikweya imodzi imadya magalamu 25 mpaka 30, ndiye bulangete lonse ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Potseka siyani mchira wa wulu wa theka la mita woti mudzalumikizire. Lumikizani ndi singano yobuntha, ndipo mizere ya sikweya imodzi ipendekere kwina, ya inzake kwina. Zonse zikapendekera mbali imodzi bulangete limakhota. Musaluke masikweya amenewa ndi knit mzere wina purl (sitichi yolukidwa ulusi uli kutsogolo kwa singano) mzere wina, chifukwa luko limenelo limapindika m'mbali ndipo silingawongoke. Simbi isakhudze akiliriki, amafota osabwereranso. Ndipo amene mukuwapatsa bulangetelo muwauze kuti lisayandikire mbaula kapena koloboyi: akiliriki amasungunuka nkumatirira pakhungu.

Wulu ndi wodula, ndipo magulu ambiri amaupeza pomasula majuzi a pa kaunjika. Musanagule juzi, itembenuzeni muone msoko wa m'mbali. Ngati mbali ziwirizo zalumikizidwa ndi kaunyolo ka ulusi, ndipo m'mphepete mwa chidutswa chilichonse ndi mosadulidwa, juziyo imasuka yonse kukhala ulusi wautali. Ngati m'mphepete munadulidwa nkuzengedwa ndi makina monga amachitira ndi malaya, isiyeni. Mudzapeza tizidutswa ta mzere umodziumodzi. Yaubweya imene inagwirana chifukwa chochapidwa ndi madzi otentha siimasukanso. Masulani kuyambira kukhosi kutsika. Ulusi umatuluka wopotanapotana, ndiye ukulungeni kumsana kwa mpando, mangani malo anayi, viikani m'madzi ofunda ndi sopo pang'ono, nkuyanika pamthunzi mutapachika kanthu kolemera pang'ono pansi pake. Majuzi ambiri a kufakitale ali ndi ulusi wopyapyala. Phatikizani uwiri kapena utatu mpaka ufanane ndi DK.

Zipewa za makanda ndi ntchito imene ndimafuna gulu lililonse litaiganizira. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse, World Health Organization, la mu 2012 linaika dziko la Malawi pamwamba pa maiko onse pa chiwerengero cha ana obadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 pa ana 100 alionse. Njira ya kangaroo, yomuika mwana pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu, inayambira ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999 ndipo tsopano ili m'zipatala zambiri. Mwana ali pachifuwapo thupi lonse limafundidwa, koma mutu umakhala panja, ndipo mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, kotero umataya kutentha kwambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzimba, chipewa si chokongoletsa.

Musanayambe, pitani kaye mukafunse anamwino a kuchipinda cha ana kukula kumene akufuna ndi mmene amalandirira zinthu. Kawirikawiri anthu amaluka zipewa zazikulu kwambiri. Mutu wa mwana wobadwa masiku atakwana umazungulira masentimita 33 mpaka 35, pamene wa mwana wa kilogalamu imodzi ndi theka uli cha m'ma 28. Chipewa chizikhala chocheperapo kuposa mutu kuti chigwire potamuka.

Kalukidwe kake ndi aka, ndi DK ndi singano za mamilimita 4. Ikani masitichi 56 kwa wochepa kwambiri, 64 kwa wapakati, 72 kwa wokwana masiku. Manambala onsewa amagawika ndi 8, ndipo n'chifukwa chake kuchepetsa kumafanana. Poika masitichi gwiritsani ntchito singano yokulirapo kuti m'mphepete musalimbe. Mphepete yolimba imasiya mzere pamphumi pa mwana. Lukani knit awiri purl awiri kwa masentimita atatu, kenako mzere wa knit mzere wa purl mpaka kutalika konse kufike masentimita 8 pa chaching'ono, 10 pa chachikulu. Kuchepetsa: knit 6, awiri pamodzi, kubwereza mpaka mzere uthe, mzere wotsatira purl yense. Kenako knit 5, awiri pamodzi, purl. Pitirizani choncho, 4, 3, 2, 1, ndipo mzere womaliza awiriawiri pamodzi. Pa chipewa cha 56 masitichi amatsika 49, 42, 35, 28, 21, 14, mpaka 7. Dulani wulu, ulowetseni m'masitichi otsalawo, kokani, nkusoka kumbuyo ndi msoko wosalala wopanda chotupa. Mpira wa magalamu 100 umatulutsa zipewa zazing'ono zosachepera zisanu.

Pa zipewa zimenezi musaike mabatani, zingwe zomangira pakhosi, mikanda kapena kampira ka pamwamba. Luko la mabowo okongola lija ndi la ana okulirapo, tizala ta khanda timakodwamo. Michira yonse ya wulu ilowetsedwe ndi singano masentimita asanu, osangomanga mfundo nkudula. Wulu womasula ku kaunjika usungireni mabulangete. Wa makanda ukhale watsopano ndi wofewa, ndipo muuyese pakhosi panu, osati pa dzanja, chifukwa dzanja linazolowera zokhakhala. Chapani zipewa zonse ndi sopo wosanunkhira, ziume bwino, muziike m'thumba loyera.

Sitichi ikapulumuka nkutsika mizere ingapo, musamasule ntchito yonse. Igwireni ndi singano yangowe ya crochet, muziikweza kudzera m'ulusi wopingasa umodziumodzi kuyambira wa pansi. Bowo limene limaoneka pakati pa mzere nthawi zambiri limabwera munthu akasiya ntchito mzere usanathe nkudzayamba chobwerera. Ulusi wochokera ku mpira uzikhala ku singano ya kumanja poyambiranso.

Zopeta

Nsalu za patebulo, zoyala pamipando, mapilo ndi nsalu za kuguwa ndi zimene zimabweretsa ndalama msanga, chifukwa zipangizo zake ndi zochepa. Ulusi wopetera wa DMC kapena Anchor umabwera mamita 8, wopotedwa ndi timaulusi tisanu ndi kamodzi. Pa bafuta kapena popilini gwiritsani ntchito tiwiri pa mizere yopyapyala ndi titatu podzaza maluwa. Dulani masentimita 45, solani kamodzikamodzi, kenako muphatikizenso. Mukasolola tiwiri nthawi imodzi timapotana. Ulusi wotchipa wopanda dzina uyeseni kaye monga munayesera zitenje, makamaka wofiira.

Kujambula patani: matani pepala pa galasi la zenera masana, nsalu pamwamba pake, tsatirani ndi pensulo mopepuka. Pepala la kaboni la muofesi limasiya mizere yabuluu yosachoka. Nsalu imangidwe pa mkombero wopetera mpaka ilire ngati ng'oma mukaigogoda ndi chala, ndipo mukaweruka muichotse, apo ayi pamatsala mzere wozungulira wa litsiro. Nsalu yokwinyika mozungulira duwa imasonyeza kuti mkombero unali wolekerera kapena wopeta amakoka ulusi kwambiri.

Masitichi ochepa okha akukwanirani: stem stitch (yooneka ngati kachingwe kopota) pa mapesi ndi zilembo, chain stitch (ya kaunyolo) pa mizere yokhuthala, satin stitch (masitichi owongoka ogundana) podzaza, ndi French knot (kamfundo kozungulira) pakati pa duwa. Satin stitch isatalike kuposa sentimita imodzi, yaitali imakodwa ndi kulendewera ikachapidwa kawiri. Tsamba lalikulu ligaweni pakati. Ophunzira ayambe ndi cross stitch, sitichi ya timitanda, pa nsalu ya timabokosi ngati ya yunifolomu ya sukulu, poti timabokosito timapereka muyezo tokha, ndipo ulusi wa pamwamba pa mtanda uliwonse uzipendekera mbali imodzi. Kumbuyo musamange mfundo. Lowetsani mchira pansi pa masitichi anayi. Ulusi wakuda usalumphe kumbuyo kuchoka pa chilembo china kupita pa china, umaonekera kumaso pa nsalu yoyera.

Pa nsalu ya mawu, vesi kapena dzina la mpingo, lembani mawu onse papepala, anthu awiri awerenge ndi kutsimikiza kalembedwe, werengani zilembo ndi mipata yomwe, pezani chapakati, pindani nsalu pakati, nkuyambira pamenepo kupita mbali zonse. Woyambira kumanzere amafika kumapeto malo atatha. Ngati anthu angapo akupeta seti imodzi ya pamipando, mmodzi apete mapesi pa nsalu zonse, wina masamba pa zonse, wina maluwa pa zonse. Aliyense akatenga nsalu yake yathunthu, setiyo imaoneka kuti inachokera m'manja osiyana. Posita, igonekeni chafufumimba pa thaulo kuti zopetazo zisaphwatalale.

Kope, sikelo ndi chidebe

Wulu wopita kumakomo uyezedwe pa sikelo ya kukhitchini potuluka, ndipo zoluka ziyezedwe pobwera pamodzi ndi wotsala. Si kukayikirana, ndi mmene gulu limadziwira kuti chinthu chadya zingati, ndipo zimateteza msungichuma ku manong'onong'o. Pogula wulu wa ntchito imodzi onani nambala ya utoto pa pepala lokulunga mpira, ikhale yofanana, chifukwa mitundu ya dzina limodzi imasiyana pang'ono ndipo padzuwa zimaoneka.

Poika mtengo, ambiri amawerengera nsalu ndi ulusi basi. Lembani zonse: sopo, makala a simbi, singano zothyoka, mafuta a makina, thiransipoti ya wopita kukagula. Aliyense alembenso maola amene wagwira, ndipo gulu ligwirizane mtengo wa ola limodzi. Mukawerengera moona mudzapeza kuti chofunda chachikulu chosokedwa pamanja sichingagulitsidwe pa mtengo wa bulangete la m'sitolo, ndipo ndi bwino kuchipanga pokhapokha wina waitanitsa nkupereka theka la ndalama. Za pamsika wa tsiku ndi tsiku zikhale zing'onozing'ono zochokera ku mabuloko omwewo: buloko imodzi ya masentimita 32 yoikidwa mpendero wotambalala ndi pilo ya pampando, ziwiri ndi chikwama.

Singano ndi mapini ziwerengedwe poyamba ndi pomaliza pa msonkhano uliwonse, chifukwa pamene pali amayi pali ana okwawa. Maginito a sipika yakale amatola zogwa pansi. Lumo la nsalu limangidwe kansalu kofiira pa chogwirira ndipo lisadule pepala kapena pulasitiki. Ntchito yosatha isungidwe m'chidebe cha pulasitiki chotseka, pamwamba pa benchi osati pansi, kuopa chiswe, makoswe ndi chinyontho cha nthawi ya dzinja, chimene chimadyetsa singano dzimbiri ndi kusiya madontho pa bafuta. Nthawi ya mvula muzitulutsa zonse kamodzi pa mwezi, zipitidwe mphepo pamthunzi, ndipo singano muzizichotsa pa nsalu musanatseke chidebe.